Musasinthe Ndisananene

Pa 9 Febuluwale

Okondedwa mayi a ana anga,

Moni wambiri. Muli bwanji kumeneko, inu ndi ana onse atatu? Chifuwa cha mzime wathu chija chinaleka? Ine kuno ndadzuka bwino, ntchito ilipo, magalasi tikudula monga mwa masiku onse.

Kalata ino ikubwera ndi a Kachipewa, adalaivala a thiraki aja anakubweretserani mashini osokera. Akupatsaninso kaphukusi komata ndi tepi yakuda. Musakatsegulire pakhonde. Mulowe kuchipinda, mukhome chitseko, muwerenge kawiri. Muli ndalama zakuno 40,000, mitolo inayi, uliwonse ndaumanga ndi mphira n'kulembapo ndi pensulo. Zaka zanga zisanu ndi zinayi zili mmenemo. Muziike m'chitini cha mabatani, ndalama pansi, mabatani pamwamba. Ana asadziwe, achimwene anu asadziwe.

Nkhani ya ndalama sindiikamba pafoni. M'chipinda muno timagona anthu asanu, ndipo a Wailesi, a bedi la pamwamba pangawa, chimene amva m'mawa pofika masana msewu wonse wachidziwa.

Mwati alandilodi atsimikiza zogulitsa nyumba tikukhalamoyo, ndipo akufuna tiyambe ndife popeza takhalamo zaka 14 osaphonyapo lendi. Mtengo mwati 3 miliyoni zakwathu, ndipo atidikira mpaka kutha kwa Juni. Ndawerengera katatu. Osintha ndalama a kuseri kwa depoti kwathuko akupereka 75 pa imodzi yakuno. Tikasintha lero zikwana 3 miliyoni ndendende, osatsala ngakhale ya msomali umodzi, chonsecho malata akudontha ndipo mapepala a nyumba nawo amafuna ndalama. Tsono mumvetsetse apa: musasinthe ndisananene. Yakwathu igwa posachedwa, ndipo ikagwa, zomwezi zidzabala zambiri.

Chinanso. Zenera la kuchipinda kwathu lija munatseka ndi katoni, mundiyezere. Mutenge tepi yanu yosokera, muyeze mkati mwa felemu, osati kunja, mulifupi ndi mulitali, m'mamilimita. Muyeze kawiri. Zaka zonsezi ndakhala ndikudulira magalasi nyumba za anthu. Ili lokha ndidula la nyumba yathu.

Ndine mwamuna wanu,
bambo a ana.


Pa 16 Malichi

Mayi a ana anga,

Moni kwa nonse. Ndakondwa kumva kuti phukusi linafika lathunthu ndi kuti wamkulu wakhoza mayeso. Ine ndilipo. Masiku a ntchito atichotserako limodzi pa sabata, koma si nkhani yoti muziiganizira.

Mwafunsa kuti ngati ndalama zakwana, tikudikiranji. Funsolo ndi labwino, ndipo ndiyankha bwinobwino, musatope.

Mukulikumbukira kope la chikuto chofiira la malemu bambo anga? Ndili nalo kuno. Iwonso anagwira ntchito dziko lino zaka 22, ku fakitale ya zitini, ndipo tsiku lililonse la malipiro ankalemba kuti imodzi yakuno ikugula zingati zakwathu. Ngakhale atabwerera kwathu ankapitabe kubanki kukaona nambala. Atamwalira ndinapitiriza ine. Tsamba loyamba anthu salikhulupirira. Nthawi imeneyo yamphamvu inali yathu: imodzi yakwathu inkagula imodzi yakuno, n'kutsalako chenji yokwerera basi. Chaka chimene ndinabadwa zinafanana. Chaka chimene ndinasiya sukulu, imodzi yakuno inkagula ziwiri zathu. Bambo pobwerera zinali zinayi. Pa ukwati wathu, 15. Tsiku ndinakwera basi kubwera kuno, 38. Lero banki ikuti 60, a kuseri kwa depoti akuti 75. M'masamba onsewo palibe pamene nambala inabwerera m'mbuyo n'kukhalitsa.

Koma bambo sankawerenga zimene ankalemba okha. Akabwera kutchuthi ankathamangira kukasintha zonse, n'kukhomera zakwathu m'sutikesi, kiyi n'kubwerera nayo kuno. Ankati ndalama ya kwanu ndi ya kwanu, idzadzuka. Kenako boma linasintha mapepala a ndalama, n'kupereka miyezi itatu yobweza akale. Amayi anamva pa wailesi, koma sutikesi inali yokhoma ndipo anali atauzidwa kuti asaikhudze. Mapepala amenewo tinkaseweretsa ife ana, kugulitsana mchenga. Zimene anasunga pambuyo pake, pofika nthawi yomanga zinangogula chitseko chimodzi. Inu munachiona chitseko chija, chotsamira khoma kwa amayi, chopanda nyumba yake. Ine zimenezo ayi.

Ndiye taonani chimene ndapeza. Katatu m'kopemu, osintha a pamsewu ataposa banki ndi gawo limodzi la magawo anayi, boma linagonja pasanathe miyezi inayi, n'kuigwetsa ndalamayo tsiku limodzi. Katatu konse. Panopa 60 ndi 75 ndi chimodzimodzi. Mwezi wa Juni usanathe igwa.

Anzanga m'chipinda muno amanditcha Nduna ya Zachuma, chifukwa popita kuntchito ndimaima pa bolodi la pamalo otumizira ndalama n'kukopera nambala. Dzulo a Wailesi akuti, "A Nduna, chuma chadzuka bwanji lero? Tigule sopo kapena tidikire?" Onse kuseka. Ine ndinati, "Inu dikirani, kusasamba munakuzolowera kale." Aziseka. Iwo zaka 12 ali kuno, alibe ngakhale njinga.

Muyeso wa zenera ndalandira, 612 ndi 447. Munayezadi kawiri?

Alandilodi muziwapatsa lendi pa tsiku lake, ndi nkhope yomwetulira.

Ndine wanu,
bambo a ana.


Pa 4 Meyi

Mayi a ana anga,

Moni. Ana ali bwanji? Mukhululuke zilembo zokhotakhotazi, ndikulemba ndi dzanja lomanga bandeji. Galasi lalikulu linaterereka potsitsa m'galimoto. Si zoopsa. Akapitawo akuti kuchipatala amafunsa mapepala, ndiye tinangomanga konkuno. Zala zonse zikugwedezeka, kupatula chimodzi chimene chikuchita ulesi.

Nkhani ya abutchala ija yandisowetsa mtendere. Mwati anabwera ndi alandilodi n'kumazungulira nyumba, kugogoda makoma, mpaka kusuzumira kuchipinda kwathu. Munawalola bwanji? Munthu wachilendo kusuzumira kumene kuli chitini! Koma musaope. Imeneyo ndi njira ya ogulitsa, amabweretsa munthu wina kuti wogula weniweni anjenjemere. Bwana wathu kuno amachita zomwezo ndi makasitomala. Alandilodi ananena okha kuti kutha kwa Juni, ndipo ndi mayi wopemphera.

Chimene chandipweteka kuposa dzanja n'chakuti alamu akudziwa. Ndinati achimwene anuwo asadziwe. Tsopano akumandiimbira nthawi ya ntchito: "Alamu, lipirani nyumbayo. Nyumba si tomato woti mudikire atsike mtengo madzulo." Ndinawafunsa kuti ndalama yathu yagwa kangati chibadwire chawo, sanadziwe. Munthu wokonza njinga zamoto aziphunzitsa ine za ndalama?

Sabata ino mwati a kuseri kwa depoti afika pa 79. Mukuona? Kungokhala chete miyezi itatu, tapindula 160,000. Amenewo ndi malata a chipinda chimodzi, osanyamula kanthu. Mwatinso mafuta a galimoto akusowa, mizere ikufika kumsika. M'kope la bambo, pambali pa nambala ya chaka chimene inagwa koyamba, analemba mawu awiri okha: "mafuta kulibe." Zonse zikuyenda mumzere wake.

Nsapato za wachiwiri zidikire kaye. Mumuuze aike katoni mkati. M'chitinimo musachotsemo ngakhale pepala limodzi.

Ndine bambo a ana.


Pa 13 Juni

Mayi a ana anga,

Moni. Ndikhulupirira mwadzuka bwino. Ine ndadzuka.

Mawu ndinalankhula pafoni Lachiwiri aja anali olemera. Ndinali panja pa shopu, magalimoto akusokosera, inu mukulira, ndiye pakamwa panathamanga. Zoti mukasintha musadzandionenso pakhomopo, sindinayenere kunena choncho. Koma mfundo yake ndi yomwe ija.

Ndamva zonse. Alandilodi abwera katatu. Mwana wawo wamkazi akufunika opaleshoni, ndipo achipatala akufuna ndalama yonse asanamugoneke. Ndamvanso zimene anakuuzani, zoti, "Mwana wanga, ndalama zili m'nyumba muno, ndikuziona m'maso mwakomo. Ndipatse, usandikankhire kwa abutchala." Chisoni ndili nacho, nanenso ndine kholo. Koma tsiku anatchula okha ndi 30. Muwauze kuti pa 30 m'mawa ndalama yawo idzakhala m'manja mwawo, yonse. Atsala masiku 17 okha.

Musaganize kuti kuno ndikusangalala. Bolodi lija laima pa 60 ngati analikhomera ndi misomali. Ndimapita m'mawa, ndimapitanso nthawi yopuma, chakudya osadya. Mlonda wa pamenepo wayamba kundiyang'ana ngati wakuba. Dzulo ndinalakwitsa muyeso wa galasi la anthu ndi mamilimita asanu, ine, koyamba m'zaka zisanu ndi zinayi. Andidula pa malipiro. Nthawi zina ndimatsegula kope n'kuwerenganso miyezi ija, kuopa kuti mwina ndinaphonya penapake. Sindinaphonye.

Limbani mtima masiku 17. Mwandimvera zaka 19, musalekere pano.

Wanu,
bambo a ana.


Pa 25 Juni

Mayi a ana anga okondedwa,

Yagwa! Moni ndipereka pambuyo, yagwa! Dzulo m'mawa ndinafika pa bolodi mayi wa pamenepo akufufuta 60 n'kulemba 88. Ndinamufunsa ngati walakwitsa, iye akuti, "Bambo, lanena ndi boma lanu." Ndinakhala pansi pa sitepe. A Kachipewa akuti kuseri kwa depoti yafika 110.

Tengani pensulo. 40,000 pa 110 ndi 4,400,000. Nyumba 3 miliyoni. Zotsala 1,400,000. Malata onse, mapepala a nyumba, fizi ya wamkulu, nsapato za wachiwiri, ndipo inu mugule nsalu imene mtima wanu ukufuna, mtengo musafunse.

M'chipinda muno a Wailesi anavula chipewa n'kugwada: "A Nduna, tikhululukireni, ife ndi mbuli." Ndinawagulira onse zoziziritsa kukhosi, botolo limodzi limodzi. Kenako ndinatsegula kope n'kulemba 110 ndi inki yofiira. Ndinalakalaka bambo akanaona.

Tsopano ndanena: sinthani. Mupite ndi alamu, musapite nokha. Musinthe mtolo umodzi umodzi, kwa anthu awiri osiyana, ndipo muwerenge pamaso pawo. Mukachoka apo molunjika kwa alandilodi, asaine pamaso pa mboni ziwiri. Muonjezerepo 50,000 ya wodwala uja, adziwe kuti ndife anthu.

Galasi ndadula lero nthawi yopuma, ndi dzanja lomweli. La mamilimita anayi, loyera, lopanda ndi kathovu komwe. Ndachotsako awiri mbali iliyonse kuti lidzalowe mosakakamiza. Ndalikulunga m'bulangeti, lili pansi pa bedi, ndidzabwera nalo ndekha mu Disembala.

Ndakuimbirani kasanu ndi kawiri kuyambira dzulo, foni ikungoitana. Mwina mwaiiwala pa mashini. Alamu nawonso sakuyankha. Mukaona uthenga wanga mundiimbire.

Moni uja nawu tsopano, kwa inu ndi ana. Ine ndili bwino kwambiri.

Mwamuna wanu.


Pa 12 Julayi

Mayi a ana,

Moni. Za moyo wanga musafunse.

Ndamva kwa alamu, osati kwa inu. Akuti pa 20 Juni abutchala anabwera ndi ndalama m'jumbo, alandilodi n'kusaina. Masiku anayi isanagwe. Masiku khumi tsiku lawo lisanakwane. Akuti inu munali pa mashini, zonse zikuchitikira pakhonde panu, chitini chili pamapazi panu.

Mayi wopemphera uja! Ndawerengera: miyezi 168 ya lendi, osaphonya ndi umodzi womwe. Mpope wawo ndinaukonzetsa kawiri ndi ndalama zanga. Ndiye apindulanji? Mamiliyoni atatu awowo lero ali ngati awiri, ndipo mankhwala akuti akwera kale. Adzibera okha, atiberanso ife, wadya ndi wa nyama.

Nanunso, bwanji simunandiimbire tsiku limenelo? Mukanati, "Bambo, anthu ali pakhonde ndi cholembera." Alamu akuti munaimba kawiri. Ndayang'ana mufoni, n'zoona, 10:40 ndi 10:52. Mukudziwa kuti foni timasiya m'kabati tikamanyamula magalasi. Poweruka ndinaona, ndinati ndi nkhani yomwe ija, ndidzayankha ikagwa. Koma mukanatumiza uthenga. Mukanatha ngakhale kusintha nokha, munthu wamkulu ngati inu, akanakumangani ndani?

Ndikudziwa zimene ndinanena. Musandikumbutse.

Alamu anandiuza mawu ena oti sindingawalembe. Ine ndinangoti nambala sizinaname. Iwo akuti, "Eya, alamu, ndiye mukagone m'nambalamo."

Komabe ndalama zilipo. Mufunse nyumba zina m'dera lomwelo, ya zipinda zitatu, yokhala ndi mpope, mundilembere mitengo. Akuti abutchala atipatsa mpaka kutha kwa Ogasiti kuti tituluke. Lendi yawo muwapatse pa tsiku lake, koma osaseka nawo.

Bambo a ana.


Pa 6 Seputembala

Mayi a ana anga,

Moni kwa inu ndi ana. Ndikhulupirira mwafika bwino kwa alamu ndi kuti mashini sanaonongeke panjira. Anthu anayi m'chipinda chimodzi si zapafupi, ndikudziwa. Ine ndilipo. Chala chija sichipindikanso, ndiye andichotsa pa tebulo lodulira. Tsopano ndimanyamula ndi kusesa magalasi osweka. Malipiro ake ndi ena.

Kalata yanu ndinalandira. Ndi yaifupi, ndaiwerenga kambiri. Mitengo ndaiona: ya pafupi ndi sukulu 5 miliyoni ndi theka, ya kumtunda 6, ndipo eni ake ena akufuna zakuno, zakwathu akukana. Ndawerengera mbali zonse mpaka pepala kubooka. Sizikukwana. Mu Febuluwale zinkakwana ndendende.

Kumunsi munalemba kuti, "Apongozi anasunga zakwathu, inu mwasunga zakuno. Iwo anasiya chitseko, inu mwatidulira galasi. Ine ndi amayi anu tonse tinauzidwa kuti tisakhudze, ndipo tonse tinamvera." Tsiku loyamba ndinakwiya. Lachiwiri ndinatsegula kope kufuna pokuyankhirani. Muli nambala za zaka 50 mmenemo, zolondola zonse. Tsiku limene amayi anamva pa wailesi, sutikesi ili pamaso pawo, mulibe. Pa 20 Juni ndinalembapo 60 ndi 84, basi.

Ndalamazo ndi zanu. Musinthe, musunge, mugule malo opanda kanthu kapena mashini achiwiri, mmene mwaonera inuyo. Tsiku lake musandifunse.

A Wailesi asiya kunditcha Nduna. Bola akanamanditcha.

Galasi likadali pansi pa bedi. Ndinayesa kulibweza kuntchito, akapitawo akuti muyeso umenewo si wa mazenera a masiku ano, palibe angaufune. Lingalowe pamalo amodzi okha. Mukakumana ndi abutchala muwauze kuti lilipo, ngati katoni ija yawatopetsa. Mtengo atchule okha.

A Kachipewa aima pakhomo pano, thiraki ikulira pamsewu, akufunsa kuti kalatayi akaisiye kuti. Alamu anasamuka ine ndili kale kuno, kwawo kwatsopanoko sindikudziwako. Ndawauza kuti akaime pa geti lakale lija, akafunse kwa abutchala kumene banja langa linapita.

Ndine,
bambo a ana anu.